Mkulu Wokonza Makompyuta ku Kabwata

M'mafulati a ku Kabwata muli mkulu wina amene anapuma ntchito ya ukalaliki, ndipo masiku ano amakonza makompyuta pakhonde pake. Sachedwa ndi malonje, ndipo kompyuta ya munthu saigwira asanasambe m'manja. Anthu amamuopa chifukwa cha funso lake limodzi: "Muli chani umu chamene mungalirire chikasowa?"

Tsiku lina Lukonde, namwino wa ku Chelstone, anamubweretsera kalaputopu kodzaza moti Windows inalibenso popumira. Mkuluyo anati mankhwala ake ndi Linux, pulogalamu yolowa m'malo mwa Windows, yosadya malo, koma polowa idzafufuta zonse. M'kalaputopumo munali mawu a malemu amayi ake a Lukonde akuimba nyimbo za kwawo ku Luapula. Mkuluyo anawakopera pa fulashi, kenaka anauza Lukonde kuti adine yekha batani lofufutira. Lukonde anadina.

Ntchito ili pakati, magetsi anazima, ndipo batire lokalamba la kalaputopuko silinapirire. Galasi linangoti bii. Lukonde anatembenukira kwa mkuluyo.

"Ba tate, nanga fulashi ija ikakana?" anafunsa motsitsa mawu.

Mkuluyo ananyamuka. Analowa m'nyumba, natuluka ndi wailesi yake ya mabatire, nalowetsamo fulashiyo. Kwa kanthawi kunali zii, thukuta likutsika pamphumi pake, kenaka mawu a malemu aja anamveka pakhonde ponse.

"Naine nenze na mantha," anatero mkuluyo akupukuta nkhope.

Magetsi atabwera anaiikadi Linux, kalaputopu nkuyenda bwino. Lukonde anakaponya m'chikwama, koma fulashi anaifumbata m'manja mpaka ku Chelstone.