Mahedifoni olimira m'munda

Chaka chimene amayi anagonekedwa m'chipatala ku Mpanshya, mvula inagwa bwino ndipo udzu unalusa m'chimanga. Atate sakanatha kusiya munda, komanso mtima sunkawalola kuti dzuwa lilowe asanamve mawu a akazi awo. Vuto linali loti foni imafuna dzanja limodzi pomwe khasu limafuna onse awiri. Ndiye ndinawaperekeza kumsika wa Rufunsa kukafuna mahedifoni aja opanda waya, ongolowetsa m'khutu.

Ine ndi munthu wokopeka ndi bokosi lowala. Atate ayi. Anauza wogulitsa kuti ayale mitundu itatu yotsika mtengo, n'kuyamba kuiyesa monga amayesera mpini wa khasu. Oyamba anawavala, n'kuwerama, n'kumagwedeza mutu ngati akupalira pomwepo pamsika. Limodzi linagwera m'fumbi.

"Aya ni a anthu a mu ofesi," anatero.

Achiwiri wogulitsa anawatama mpaka thovu kukamwa. "Ba mudala, aya yatseka chongo chonse. Olo lole ipite, simuzamvela."

Sananame. Nditawalawa ine, phokoso la pamsika linazimiririka, ng'oma ya nyimbo inkagunda m'mutu mwenimweni, ndipo ndinawasirira. Koma atate ali chivalire, mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu anadutsa, n'kupinda mawondo kuwapatsa moni, kawiri konse. Atate duu. Nditawakodola anachita manyazi kwambiri. Anawavula msangamsanga n'kuthamangira mayiyo kukapepesa, pakuti kwathu wosayankha moni amamunena mpaka kukolola.

Achitatu anali osaoneka bwino, nyimbo yake yopyapyala. Atate sanasamale za nyimbo. Anafunsa ngati batire likhoza kufika masana, kenako anaimbira amayi. Mawu a amayi masiku amenewo anali atachepa kwambiri, moti ife tinkachita kuwafunsa kawiri.

"Amake mwana, mwauka bwanji?"

Ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Anayankha zonse osabwereza funso, ndipo munthu wina atawalonjera chapatali anamuyankhanso. Anagula amenewo. Ndinanyadira atate wanga tsiku limenelo, ngakhale wogulitsa anatiyang'ana ngati osadziwa zinthu.

Kuyambira pamenepo ankapalira akucheza. Ndikakhala pamzere wina ndinkawamva akuseka okha, akukana kuti sanasiye udzu m'mbuyo, akufotokoza mbuzi imene yabereka. Odutsa m'njira ankayamba adabwa kaye, kenako anazolowera n'kumatumiza moni kwa odwala.

Tsiku lina cham'mawa ndinaona kuti atate asiya kulankhula, ndipo khasu aligoneka pansi. Anali atagwada, akuzula udzu ndi manja. Ndinathamangira komweko.

"Atate, kwagwanji?"

Anakweza dzanja kuti nditsitse mawu.

"Amako agona. Masiku atatu tulo tinawakana," ananong'ona. "Nikumva mmene apumila. Khasu lingawautse."

Anamaliza mzere wonsewo ndi manja.