Loko wa Alamu

Pafakitale yonse panalibe amene ankawaitana ndi dzina la pachitupa. Onse ankangoti a Kaye, chifukwa pakamwa pawo sipankachoka mawu oti "dikirani kaye." Munthu wamantha ngati ameneyo ngosowa. Kunyumba akazimitsa mbaula ankabwereranso kawiri kukaigwira ngati yaziziradi. Powoloka msewu ankadikira mpaka ndi njinga zomwe zidutse. Ana awo ankawaseka, akazi awo anachita kutopa nazo n'kungowasiya.

Ndiye taonani ntchito imene munthu wotereyu anakaipeza! Zaka khumi ndi zinayi akuyendetsa makina osindikiza zitsulo zamoto, amene anzawo anawapatsa dzina loti Chikamwa. Zitsulozo zimabwera zili zaphanthiphanthi ngati malata, n'kulowa m'ng'anjo yaitali ngati mabasi atatu. Potulukira mbali inayo zimakhala zili psuu, zofewa, kutentha kwake kopitirira madigiri mazana asanu ndi anayi. Mkono wa makina umazitola msangamsanga n'kuziika pachikombole, Chikamwa n'kutseka, khu! M'kati mwa chikombolecho mumayenda madzi ozizira, ndipo chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chili chopanidwa choncho, chimalimba moti ngakhale chobowolera chimagonja. Chimene chimatuluka ndi mzati wa pakati pa zitseko za galimoto, uja umatchinjiriza anthu ngozi ikachitika.

Manthawo sanabadwe nawo onse ayi. Asanakwatire ankagwira ntchito pakashopu kena kopanga mahinjesi a zitseko. Tsiku lina mnzawo analowetsa dzanja m'makina kuti achotse kachitsulo, wina n'kuponda chopondera osadziwa. Amene anatola zala pansi anali a Kaye. Nkhaniyi sankaikamba, koma Chikamwa chikatseka mapewa awo ankadumpha, zaka zonsezo osazolowera.

N'chifukwa chake lamulo la maloko ankalikonda kuposa tchuthi. Aliyense wolowa m'Chikamwa kukakonza ankazimitsa magetsi, n'kukoloweka loko wakewake paswichi, kiyi n'kuponya m'thumba mwake. Loko wa mnzako sukhudza, ngakhale akhale mng'ono wako wa bere limodzi. Amachotsa yekha mwini wake akatuluka ndi miyendo yake.

Wolowalowa m'menemo anali mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono, mmisiri wokonza zikombole. Ntchitoyo anamupezera ndi a Kaye omwewo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mlongo wawoyo sankatsanzika popanda kunena kuti, "Achimwene, mwamuna wangayu mukundionera ndinu kumeneko." Mlamuyo anali munthu wa nthabwala ndi wodzikonda pa zovala. Loko wake ankadziwikira patali, pakuti mwana wake wamkazi anamupaka penti wofiira wa m'zikhadabo. Analinso ndi nsapato zake zachikopa zopukuta mpaka kuonerapo nkhope. Akafika ankazivula n'kuziika pansi pa benchi ya pafupi ndi makina, n'kuvala majombo.

"Ine majombo mumsewu?" ankatero. "Alamu, mukufuna mlongo wanu andithawe?"

Tsiku lake kunatentha moti phula ankamata kunsapato. A Kaye atafika pa shifiti ya masana anapeza Chikamwa chili yasa, chili zii, ng'anjo yokha ikulilima. Paswichi panali lende loko wofiira uja. Kapitawo ankangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, malaya ali nyowe.

Nkhani yake inali yoti paipi ya madzi ya m'chikombole inabooka m'mawa, mlamu uja n'kulowa kukakonza. Ntchito inaoneka kuti yatha. Paipi yatsopano inali m'malo, chitsulo chogwiriziza nsagwada ya pamwamba chinali chitachotsedwa, bokosi la zida lili panja. Koma mwini loko sankaoneka. Foni yake inkangoitana. Mlonda wa pageti anati akuona ngati watuluka ndi gulu la m'mawa.

"Ndasuzumiramo ndekha, mulibe munthu," anatero kapitawo. "Waweruka ndi kiyi m'thumba, mutu wake uli kunyumba. Zitsulo zili m'ng'anjomu zikakhalitsa zipserera zonse, lole nayo ikudikira pageti. A Kaye, gwirani ichi."

Anawapatsira chisizasi chachikulu chodulira zitsulo. Anthu ena kuchenjera! Lamulo ankalidziwa bwinobwino, n'chifukwa chake sanafune kuti dzanja lodula likhale lake.

"Dikirani kaye, bwana," anatero a Kaye, mawu ali ang'onong'ono.

Anzawo anaseka. Wina anakuwa kuti, "Yayamba nyimbo ija!"

Kapitawo sanaseke. Anasendera pafupi mpaka mpweya wake unkawagunda kumaso. "Makina ndi anu, mlamu ndi wanu. Mukapanda kudula, mawa nonse awiri mukadikirire kaye kunyumba. Ndipo mlongo wanuyo mukamuuze nokha."

A Kaye anachita mantha. Chikamwa ankachiopa, inde, koma chinali chete. Amene ankalankhula anali kapitawo, ndipo maso a anthu asanu ndi awiri anali pa iwo. Anadziuza mumtima kuti bwana wasuzumiramo, mlonda wamuona, zida zili panja, nanga umboni wina ngwotani? Anapana loko uja ndi chisizasi. Koyamba chinaterera chifukwa cha thukuta. Kachiwiri, thyo! Zidutswa ziwiri zinagwera pasimenti, iwo n'kuzitola msanga ngati wakuba, n'kuziika m'thumba la ovololo.

Kapitawo anakweza swichi. Mapampu a mafuta anayamba kung'ung'udza, pansi pakunjenjemera. Poyesa makina, Chikamwa chimayenera kutseka kamodzi chopanda kanthu, ndipo mabatani ake ndi awiri, odina ndi manja onse. A Kaye anaima pamalo pawo, naika zikhatho pamwamba pa mabatani aja.

"Tiyeni nazoni!" anakuwa kapitawo.

Munthu wamantha akakalipiridwa sayang'ana kumaso, amayang'ana pansi. A Kaye anagwetsa nkhope, maso awo n'kukafika pansi pa benchi. Nsapato zachikopa zija zinali pomwepo, zitagundizana bwinobwino, masokosi atapindidwa m'kati.

Munthu uja sakanaponda msewu ndi majombo, ngakhale nyumba yake ikanakhala ikupsa. Manja awo anauma pamwamba pa mabatani, osatsika, osachoka. Kenako anamenya batani lofiira loimitsira zonse, nathamangira kuswichi, naigwetsa. Loko wawo anachita kumukoloweka katatu konse asanalowe.

"Mwapenga kodi?" anakalipa kapitawo.

Zaka khumi ndi zinayi a Kaye anali asanalowetsepo ngakhale mutu pakati pa nsagwada zimenezo. Tsiku limenelo anakwawiramo ndi mawondo, osakumbukira n'komwe kubwezera chogwiriziza chija. M'kati munali fungo la mafuta opsa, ndipo kutentha kochokera kukamwa kwa ng'anjo kunkawawula tsaya limodzi. Chikombole cha pamwamba, cholemera ngati lole yodzaza, chinali lende pamwamba pa msana wawo. Dontho la madzi litawagwera pakhosi anakuwa ngati mwana, poganiza kuti chayamba kutsika.

"Alamu! Alamu inu!"

Zii.

Anakwawabe mpaka kuseri, kumene mapaipi amalowera, kumalo kosaoneka ukasuzumira kutsogolo. Mlamu wawo anali atagwera m'kampata ka kumeneko. Phewa ndi mkono wake wamanja zinali gone pamwamba pa chikombole cha pansi, sipanala ili m'manja. Zinadzadziwika pambuyo pake kuti atamaliza ntchito anabwerera kukatenga sipanalayo, kutentha n'kumugwetsa chizungulire. A Kaye anaika khutu pamphuno pake. Ankapuma, pang'onopang'ono.

Mmene anamukokera kunja sakumbukira. Amangokumbukira kuti atatuluka, kapitawo anali atakhala pansi pasimenti, manja ali kumutu. Iwo anapita kuseri kwa bokosi la zida n'kusanza.

Kuchipatala mlamuyo anamuika madzi a m'botolo, nagonako masiku awiri. Lamlungu masana a Kaye anapita kukamuona kunyumba. Anamupeza atakhala pampando wa pabalaza, akunamiza ana kuti anangogona tulo chifukwa mabwana sapereka nthawi yopuma. Mlongo wawo atangowaona pakhomo anawagwira manja onse awiri, misozi ili mbwee.

"Achimwene, ndimve kuti munalowamo nokha? Inuyo? Ndikuthokozeni bwanji ine?"

Anzawo a kuntchito anali atagwirizana zoti nkhani ya loko isatuluke. Kukhala chete kunali kosavuta, koma zidutswa zija zinali zitawalemera m'thumba masiku atatu, tulo osabwera. Anakhala pansi, nazitulutsa, naziika patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi. Penti wofiira uja anali atakanikizika pamene panadutsa chisizasi.

Mwana wamkazi uja ndi amene anayamba kuzindikira. "Amalume, loko wa adadi wathyoka bwanji?"

"Sanathyoke," anatero a Kaye, akuyang'ana pansi. "Ndinadula ndine. Manja anga anali kale pamabatani."

Mlamu uja anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma sinabwere. Anangogwira phewa lake lamanja n'kumalisisita. Mlongo wawo anauza ana kuti akasewere panja. Anatola chidutswa chimodzi, nachitembenuza, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakukakamizani ndani?"

"A kapitawo. Ndinaopa."

"Munaopa," anabwereza motsitsa. "Moyo wanu wonse mwakhala mukuopa mbaula, njinga, agalu a eni. Tsiku limodzi lokhali loti muope, inu n'kukaopa kapitawo?"

A Kaye analira pamaso pa mlamu wawo, osabisa.

Mpaka lero akadali pa Chikamwa, ndipo chikatseka mapewa awo amadumphabe. Mlamu wawo akamalowa, paswichi pamakhala maloko awiri, watsopano wa mwini wake ndi wa a Kaye pambali pake. Asanadine mabatani amayamba awerama kuyang'ana pansi pa benchi, n'kuzungulira makina onse mpaka kuseri, ndipo akati "dikirani kaye" palibe amene amaseka. Chidutswa china cha loko uja amayenda nacho m'thumba, chinacho chinatsala kwa mlongo wawo.

Mlongoyo sanawade. Akapitako amawalandira bwino, amawafunsa za ana, tiyi amawathirira. Potsanzikana amawaperekeza mpaka pageti, ndipo a Kaye amachedwachedwa pamenepo, ngati akumanga chingwe cha nsapato, kudikira mawu aja oti "mukundionera ndinu kumeneko." Iye amangoti, "Muyende bwino, achimwene," n'kutseka geti.