Vinyo wa Thovu ku Lirangwe

Achemwali anga aakulu anakhala ku Joni zaka zambiri akutsuka matambula pa famu ina ya mphesa. Pobwerera kwathu ku Lirangwe anabwera ndi firiji yaikulu komanso nthenda yokonza anthu pakamwa. Ukangoti "shampeni," ankakuyang'ana ngati wawapondera mwana.

"Shampeni ndi wa dera limodzi lokha la ku Falansa, achimwene. Enawa ndi vinyo wa thovu basi."

Ine nthawi imeneyo ndinkanyamula katundu pa bwalo la ndege ku Chileka, ndiye pamudzi ankati za kunja ndimazidziwa. Zoona zake n'zakuti ndinkangodziwa kulemera kwa masutikesi a anthu akunjawo. Komabe achemwali ataganiza zochita phwando lolawa vinyo, ati kuti abale atseguke mitu, anasankha ine kuti ndiwaperekeze ku tauni kokagula.

Mu shopu ija tinakhalamo nthawi yaitali moti mlonda anayamba kutizungulira. Achemwali ankatenga botolo, kuliyang'ana kumbuyo, n'kulibwezera. Kenako ananyamula la ku Italiya.

"Uyu ndi wopepuka. Amanunkhira peyala."

"Peyala lomwe timapaka pa buledi lija?"

"Ayi, peyala la azungu. Inu muzingonyamula."

La ku Sipeni anati ndi vinyo wouma. Ndinaligwedeza pang'ono kuti ndimve ngati muli ufa, ndipo anandimenya padzanja anthu akuona. La ku Joni analikumbatira ngati m'bale amene wangotsika basi. La ku Falansa lenilenilo analitenga ndi manja awiri, n'kuwerenga kapepala ka mtengo, n'kulibwezera mwaulemu. Anati a masiku ano sakukomanso ngati kale. Pomaliza anagula madzi a mphesa a thovu opanda mowa, kugulira aneba athu, mayi wachisilamu amene amagulitsa nsalu ndi mafuta onunkhira pamsika.

Mu minibasi achemwali anakana kuti katoni iikidwe kumbuyo. Anaifukata pamiyendo kuchokera mu tauni, kudutsa Lunzu, mpaka kwathu, uku akukalipira dalaivala pa dzenje lililonse.

Loweruka la phwandolo magetsi anazima m'mamawa, firiji ya ku Joni ija n'kusanduka kabati. Unali mwezi wa Okutobala, kotentha koti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Anandituma kukafuna madzi oundana, ndipo amene ndinawapeza anali a munthu wogulitsa nsomba zaziwisi. Sindinawauze achemwali. Ndinangowathira m'beseni n'kuimikamo mabotolo.

Masana alendo anakhala pansi pa mtengo wa mango, anthu ngati khumi. Aliyense anali ndi tambula yake, yomwe ndinakabwereka kwa amayi a chigwirizano a ku tchalitchi kwathu. Pakati pa bwalo achemwali anaikapo ndowa. Kenako anaima n'kufotokoza malamulo. Uyambe wayang'ana thovu, ununkhize, upsontheko pang'ono, uyendetse m'kamwa, kenako ulavulire mu ndowamo.

Malume athu, amene moyo wawo wonse akhala akumwa kachasu ku Mdeka, anaika tambula pansi.

"Mwanawe, bwerezanso pomalizapo."

"Mulavule, malume. Ndi mmene amachitira odziwa."

"Chinthu chakwera ndege kuchokera ku Ulaya, chakwera minibasi, chafika m'kamwa mwanga, ine ndichibwezenso? Chandilakwira chiyani?"

Botolo loyamba, la ku Italiya, nditangomasula waya, chitsekerero chinathawa chokha n'kukamenya malata a khitchini. Alendo awiri anabisala kuseri kwa mipando. Theka la vinyo linathera pa nsapato zanga. Wotsalayo anagawidwa pang'onopang'ono ngati mankhwala a chifuwa.

"Tsopano nunkhizani," anatero achemwali. "Mukumva chiyani?"

Anthu analowetsa mphuno m'matambula. Aliyense ankaopa kuyamba. Malume ananunkhiza tambula, n'kununkhiza zala zawo zomwe zinagwira botolo.

"Mlamba," anatero.

Achemwali anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana mango.

Wa ku Sipeni anthu anakwinya naye nkhope. Mayi wina anafunsa ngati m'nyumba muli shuga. Malume anati uyu ndiye ali ndi khalidwe, chifukwa sakunamiza munthu, n'kumwanso wa mayi uja. Pofika pa wa ku Joni palibe amene ankayang'ananso thovu. Achemwali ankafotokoza za mapiri a ku famu kuja ndi mphepo yozizira ya kunyanja, koma anthu anali atayamba kukangana za malire a munda wina ku Chigaru. Mu ndowa muja munalavulira munthu mmodzi yekha, achemwali eni ake.

Aneba aja anali atakhala chapatali pang'ono pa mkeka wawo, akumwa madzi awo a mphesa. Mkangano utafika pakati, anawaitana achemwali ndi dzanja.

"Ine zanuzi sindikhudza, anzanga. Koma matambula akhala akudutsa pamphuno panga masana onsewa. Woyamba uja ndi maluwa okhaokha, ngati mafuta otsika mtengo amene atsikana a sukulu amakonda. Wachiwiriyu akumveka buledi wongophula kumene. Wachitatu ali ndi bulediyo, koma mulinso kafungo ka apozi wosapsa. Ndalakwitsa?"

Achemwali anakhala pansi pa mkekapo, diresi lawo la phwando lili m'fumbi. Ndinaona maso awo atadzaza misozi. Anayamba kufotokoza mothamanga kuti buledi akumvekayo ndi yisiti, kuti wachiwiri ndi wachitatu amawira m'botolo momwemo pomwe wa ku Italiya amawira m'thanki. Anebawo ankagwedeza mutu n'kumafunsa mafunso anzeru. Pa anthu onse amene anaitanidwa, wophunzira weniweni anapezeka mmodzi, ndipo anali munthu woti sadzalawa vinyo mpaka kalekale.

Dzuwa lisanalowe malume ananyamuka, atapisa mabotolo atatu opanda kanthu m'jekete. Anati vinyo wa azungu ndi wabwino kugeyetsa munthu, koma ntchito yeniyeni akaimalizitsa ku Mdeka.

Phwando lina lotere silinachitikenso. Achemwali anayamba kumakhala pa benchi ya anebawo pamsika, awiriwo akununkhiza timabotolo ta mafuta n'kumanyoza mphuno za anthu odutsa. Ine ndinatsala ndi ntchito yobweza matambula. Ndinawatsuka katatu ndi sopo, komabe amayi a chigwirizano amene anawalandira anatenga imodzi n'kuinunkhiza nthawi yaitali.

"Munamwera chiyani umu, bambo?"

Ndinati sikwashi.