Nsomba zimene tinkaponyera masili pa Thames

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipezera pakhomo pa tchalitchi ku Woolwich. Mkazi wanga ndi namwino, ndiye anandiitanitsa kuno, ndipo miyezi yoyambirira ndinkangokhala m'nyumba ku Thamesmead ngati mpando. Tsiku lina titaweruka mapemphero anandionetsa kwa a Gondwe, bambo amene anabwera kuno ali mwana makolo awo atathawa ndale za kwathu. Anali ndi boti laling'ono lotenga alendo ku Greenwich kukawaonetsa mtsinje wa Thames. Anandiyang'ana mapewa ngati akugula ng'ombe, n'kundiuza kuti ndiyambe Lolemba. Ine wa ku Dedza, woti ndi bwato lomwe ndinali ndisanakwerepo!

Ndinkaveka alendo majekete oyandamitsa, kumanga ndi kumasula zingwe, kukokera boti padoko ndi ndodo yambedza, kenako kulitsuka ndi paipi. Koma ntchito yeniyeni inali chidebe cha nsomba. Thames amaphwa ndi kudzaza potsata nyanja, ndipo madzi akaphwa m'mbali mumatsala matope. Pamatopepo pamagona masili, nyama za m'madzi za nkhope ngati galu wopanda makutu, thupi ngati thumba la chimanga. Mwachibadwa zimathawa anthu, ndipo odziwa za nyamazi amaletsa kuzidyetsa. A Gondwe analibe nazo ntchito zimenezo. Ankandikhazika kumbuyo pafupi ndi injini, chidebe chili pansi pa mpando, ndipo akachepetsa moto ine ndinkagwetsera nsomba m'madzi mobisa. Masili anazolowera kuti kulira kwa injini ndi chakudya. Alendo ankakuwa ndi chimwemwe poganiza kuti nyamazo zikuwakonda.

Panali sili imodzi yaikazi yosachedwa kubwera. Inkatulutsa mutu pafupi ndi dzanja langa n'kumandiyang'ana ndi maso akuluakulu, ndevu zikudontha madzi. Sindibisa, ndinkaikonda. Nyengo yotentha itafika inabereka, ndipo tinkaona kamwana kake kakuyamwa pamatope kumunsi kwa Thamesmead.

Tsiku lina boti linali lodzaza. Itangomva injini, sili ija inasiya mwana pamatope n'kusambira kudza kumbuyo kwa boti monga mwa masiku onse. Kasitomala wina anadandaula kuti dzuwa likumuonongera chithunzi, a Gondwe atembenuze boti. Iwo osayang'ana n'komwe anaika giya yobwerera m'mbuyo.

"Bwana, ili kumbuyo!" ndinakuwa.

Boti linagwedezeka. Pulopela, mipeni yozungulira ya kunsi kwa injini, inali itapeza msana wake. Madzi a Thames ndi abulauni, koma apo anafiira mpaka ndinanunkhidwa magazi. Sili ija inatumphuka kamodzi, msana uli wong'ambika, ikulimbikira kuloza kumene kunali mwana, kenako inamira.

"Khala chete iwe," anatero a Gondwe m'Chichewa chawo chopindika, kuti alendo asamve. "Tagunda chikuni, wamva?" Ndipo anatembenuka n'kuwauza zomwezo m'Chingerezi akumwetulira, ena mpaka anaseka. Mayi wina amene anaona zonse anagwira pakamwa, koma patapita kanthawi anafunsa ngati tionenso masili ena, poti ulendo unali usanathe.

Kamwana kaja kanayamba kulira. Mawu ake ndi ngati a khanda la munthu, ndipo ankatitsata pamadzi pamene tinkachoka. Ndinapempha kuti tiimbire anthu opulumutsa nyama za m'madzi, chifukwa koyamwa kotero sikangakhale kokha.

"Ukaimba foni usadzapondenso pano," anatero. "Ndi nsomba yandevu chabe iyi. Ukufuna anditsekere bizinesi?"

Anapitiriza ulendo wonse mpaka kumapeto, osadumpha ngakhale malo amodzi ojambulira zithunzi. Titafika padoko anandipatsa paipi kuti nditsuke kumbuyo kwa boti alendo ena asanakwere. Pa pulopela panali patakanirira kachikopa kaubweya. Ndinakachotsa ndi zala, kenako ndinavula jekete, n'kuimba foni iwo akuona. Sanakalipe. Anangoti anthu ofuna ntchito ku London ndi ambiri kuposa masili.

Opulumutsa aja anathamanga ndithu, koma pofika madzi anali atadzaza, matope atamira, mwana osaoneka. Anamupeza patapita masiku, mafunde atamukankhira kumtunda. Mayi amene anandiimbira kundiuza anati anali atangotsala mafupa, ndipo mbalame zinamudya maso asanatsirizike. Ndinakhala pansi pasitepe ya fulati yathu n'kulira ngati wamwalira ndi m'bale.

Pano ndimasamalira okalamba, ndipo za maboti ndinasiyana nazo. Chimene ndinatolapo n'chakuti nyama ya kutchire imasungidwa ndi mantha ake, ndipo woichotsa manthawo ndiye waipha, ngakhale atabwera ndi chakudya m'manja. Loweruka ndimakonda kuyenda ndi mwana wanga wamkazi m'mbali mwa mtsinje. Sili ikatulutsa mutu pafupi ndi gombe, anthu amathamangira mafoni, mwana wanga n'kumandikoka kuti tiiitane. Ine ndimaomba m'manja mwamphamvu n'kukuwa mpaka ithawe. Azungu amandiyang'ana ngati wamisala, mwana amakwiya nane njira yonse, koma sili ija imabwerera kwakuya ili yamoyo.