Chaka Chimene Ndinagwira Khutu

Mwezi wa Okutobala ku Mzimba unkanunkha lupsa ndi fumbi. Nyenje zinkalira m'mitengo kuseri kwa malaini a ogwira ntchito m'boma mpaka mutu kuwawa, malata a nyumba yathu akuthetheka ndi dzuwa. Ife tinali obwera, kwathu ku Dowa. Bambo anali mesenjala pa ofesi ina pabomapo, munthu wa kaki wolimba ndi sitachi. Chaka chimenecho ndinkayenera kuyamba sukulu pamodzi ndi achimwene anga a Yotamu, amene anzawo anali atawasiya kalekale.

Chowachedwetsa chinali mkono. Ali khanda anagwera pamoto, ndipo chipsera chinamata mkono wamanja kunthiti, moti sunkakwera kufika paphewa. Koma dzanja lamanzere, abale inu! Ankaumba nalo ng'ombe zadothi zooneka ngati zipuma, ndipo ankalemba nalo dzina lawo pamchenga asanapondepo m'kalasi.

Sukulu zinali ziwiri. Ina inali pabomapo, ya njerwa ndi malata, yophunzira ana a makalaliki ndi apolisi, ndipo chaka chilichonse ana ena ankasankhidwako kupita ku sekondale. Inayo inali kutsidya kwa mtsinje, yofolera ndi udzu, ana akukhala pazipika. Kumeneko sikunasankhidwepo mwana, koma mphunzitsi wake, mkulu wa mpingo, anali atawauza amayi kuti, “Bwerani naye mama, mbwenu tikamulandira.” Tinkayenera kupita kumodzi, pakuti ine ndinali kamwana kosatha kuyenda kokha.

Bambo ndi amayi anakangana nyengo yonse yotenthayo, motsitsa mawu chifukwa khoma lathu linali limodzi ndi la aneba. Amayi ankati ku sukulu ya malata amagwiritsa ana khutu: mwana apititse dzanja pamwamba pamutu, akagwira khutu la mbali inayo ndiye kuti wakula. Bambo ankati zimenezo ndi za tiana tokayikitsa, osati mnyamata woti aliyense akumuona msinkhu. Ankanenanso kuti mwana wa wantchito wa boma akasiya sukulu yapafupi n'kumawoloka mtsinje, a chipani afunsa chimene akuthawa. Amayi ankangosesa pakhomo posesa kale, milomo ili tsonga.

Mawu a bambo ndiwo anapambana: tsiku lolembetsa ku sukulu ya malata tinadzola mafuta mpaka kunyezimira. Bwalo la sukulu linali lofiira, mchenga ukuwotcha kumapazi, mbendera ili lende pamtengo. A hedimasitala anakhala patebulo pansi pa mtengo wa mango, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi mlamu wa tcheyamani wa chipani. Ine ndinapinda khosi monga anandiphunzitsira anzanga, chala n'kukhudza nsonga ya khutu. Ndinaloledwa, ndipo ndinasangalala zosaneneka.

Achimwene anakweza lamanzere n'kuligwira khutu lonse, mosavuta n'komwe.

“Lamanja, iwe. Kuno sitilembera lamanzere,” anatero a hedimasitala.

Anayesa. Anapendeketsa mutu, phewa likunjenjemera, chipsera chitakokeka mpaka kuyera, koma zala zinathera pachibwano. Ana a pamzere anayamba kuseka. Amayi anagwada pafumbi n'kunena kuti mwanayu ndi wamkulu, anangopsa. A hedimasitala anati lamulo ndi limodzi kwa onse, abwerenso chaka chamawa mkono ukakula. Ndinayang'ana bambo. Anali atavula chipewa, ataima njoo ngati ali pakhomo pa ofesi, ndipo anangoti, “Yewo, bwana.”

Amayi sanagonje. Sabata yotsatira anawaperekeza okha kutsidya, ndipo achimwene anayamba kupita tsiku lililonse, akubwera ndi miyendo yotuwa, akuimba nyimbo za Chitumbuka zomwe ine sindinkazidziwa. Kenaka mvula inagwa. Mtsinje unadzaza madzi ofiira, ndipo powolokera panali mtengo umodzi woterera, womwe ana ankadutsapo atatambasula manja onse awiri. Tsiku lina achimwene anabwera atanyowa mpaka tsitsi, sileti itapita ndi madzi, akusanza matope. Munthu wina wodutsa ndi njinga ndiye anawavuula. Bambo anati basi, zakwana. Sanabwererenso ku sukulu iliyonse.

Ine masiku amenewo ndinkanyada, ndikuti ndinalowa chifukwa mkono wanga unali wautali, ndipo achimwene anangochita tsoka. Ndinaphunzira mpaka ndinakhala namwino. Titaika maliro a bambo m'pamene amayi anandiuza, tikutsuka mbale za olira, kuti bambo ankatumidwa kawirikawiri ku sukulu ya malata ija ndipo anali ataonapo ana amanzere akubwezedwa. Ankadziwa. Anaona kuti sukulu yokomera ana onse awiri palibe, ndiye anasankha mwana mmodzi, ineyo. Zimandipweteka mpaka lero. Achimwene amakonza njinga pa Manyamula, ndipo ndikapitako amauza makasitomala awo kuti uyu ndiye mlongo wanga wophunzira uja.