Mpando Umene Anapatsidwa a Fryson

A Fryson Zangaphee anafika ku Glasgow m'chaka cha 2005 ali ndi satifiketi ya uphunzitsi m'chikwama, koma choko sanachigwirenso. Ntchito imene anapeza inali ya pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Pollokshields: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakumbutsa mayina a ana awo. Ankati agwira chaka chimodzi chokha. Imvi zinawapeza ali pomwepo.

Ragibi sankaidziwa. Kwawo ku Ntcheu mpira ndi wozungulira, ndipo munthu woutola ndi manja n'kuyamba kuthawa nawo angamuyese wodwala mutu. Amene anawakokera ku masewerawa ndi mwana wawo wamkazi, Mwaiwathu, wobadwira konkuno, yemwe ali ndi zaka khumi anaumirira kulowa kalabu yaing'ono ya kufupi ndi kwawo ku Shawlands. Loweruka loyamba a Fryson anangoima pampanda, manja m'thumba, kuyang'ana mwana wawo akugubuduzika m'matope.

Kochi wa atsikanawo anali a Gareth, mkulu wa mphuno yopindika ndi makutu okhakhala, amene anasewera ragibi unyamata wawo wonse. Iwowa ndi amene anayandikira a Fryson.

"Iwe, ukazizidwa ukangoima choncho. Gwira mabotolo awa, uziwapatsa madzi anawa."

Chinansi chawo chinayambira pomwepo. A Fryson anachoka pa mabotolo n'kufika pochapa majezi, kenako anayamba kuyendetsa minibasi ya timu. Bambo awo atamwalira ku Malawi, iwo n'kulephera kupita, a Gareth anabwera kudzakhala nawo pa siwa m'kanyumba kawo kam'mwamba. Anavula nsapato, n'kukhala pansi pakati pa amuna a ku tchalitchi, nyimbo osazimva, koma sanachoke mpaka anthu onse atabalalika.

Chaka chatha wapampando wa kalabuyo anasamukira ku Aberdeen, ndipo panaitanidwa msonkhano Lamulungu masana wosankha wina. Mayina atatu anatchulidwa, eni ake onse anakana. Wina atatchula a Fryson, manja anakwera m'chipinda chonse. Anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Zaka zonsezi palibe amene anawaitanapo ndi udindo.

Akazi awo, a Matilda, anamvetsera akusita yunifomu yawo ya ku chipatala.

"Bambo a Mwai, anthu akakupatsani mpando mofulumira chonchi, muziyamba mwasuzumira pansi pake."

Pansi pakepo panali a Gareth. Mkuluyu anali atayamba kuiwala, ndipo kalabu yonse inkadziwa. Ankaitana atsikana ndi mayina a anthu amene anasiya kusewera kalekale. Tsiku lina anasiya galimoto ku Partick, n'kubwerera pa sitima, m'mawa mwake n'kukadandaula kupolisi kuti yabedwa. Anthu a mu komiti anakulira m'manja mwa a Gareth, ndipo palibe amene ankafuna kukhala wowauza kuti apume. A Fryson matendawa ankawaona tsiku ndi tsiku ku ntchito, moti anawazindikira aliyense asanawazindikire. Komabe nawonso anakhala chete miyezi iwiri, akumadziuza kuti alankhula nyengo ya masewera ikatha.

Loweruka lina mu Okutobala, mtsikana wina dzina lake Joanna anawombana mutu ndi mnzake wa timu ina. Anagwa, anadzuka akudzandira, ndipo anamutulutsa m'bwalo. Lamulo lake ndi lodziwika: wovulala m'mutu sabwereranso tsiku limenelo. Koma patapita mphindi zochepa a Gareth anatembenuka, n'kuona mtsikana wakhala pa benchi, ndipo anamukalipira kuti akungokhaliranji anzake akuvutika. Anali ataiwala kale zimene zinachitika. Joanna anamvera, analowa. Mwaiwathu ndi amene anasiya mpira n'kuthamanga kukamugwira, ndipo mwanayo anasanzira pa udzu pomwepo. Anagona m'chipatala masiku awiri.

Pobwerera tsiku la ngoziyo, a Fryson ndi Mwaiwathu anakwera sitima. Itayandikira kwawo, Mwaiwathu anayankhula m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, maso ali pa windo.

"Dadi, inu munkadziwa."

A Fryson sanakane.

Lolemba masana anapita kunyumba kwa a Gareth. Akazi awo, a Chrissie, anawalandira, anaika tiyi patebulo, n'kukaima pakhomo la khitchini atapinda manja.

"A Gareth, ndabwera monga wapampando, komanso monga mnzanu," anayamba a Fryson. "Ndikupempha kuti musiye ukochi. Mpando wanu pambali pa bwalo uzikhalapo nthawi zonse, koma timu tiipereke kwa wina."

"Ndalakwa chiyani?"

Anawafotokozera za Joanna. A Gareth anayang'ana akazi awo, ndipo a Chrissie anagwedeza mutu kuvomereza. Nkhope ya mkuluyo inafiira.

"Zaka makumi atatu ndili pa bwalo limene lija. Iwe ndinakutola pampanda usakudziwa ngakhale kumene mpira umalowera. Lero ndiwe wondichotsa?"

"Inde, ndine," anatero a Fryson.

Anatuluka tiyi asanamwe. Ali pa basi anadzitonthoza kuti chowawacho chatha.

Loweruka lotsatira, atafika kudzatsekula geti, anapeza a Gareth afika kale, avala jekete ya kalabu, akuyala timakoni tawo ta pulasitiki tophunzitsira masewera pa udzu uku akuimba mluzu. Anawapatsa moni wansangala, n'kuwafunsa za a Matilda. Za Lolemba lija munalibemo m'mutu mwawo. A Fryson anaima kanthawi mvula ikuwawaza, kenako anawatengera pambali n'kuyambanso nkhani ija kuchokera pachiyambi. A Gareth anaimva ngati yatsopano, ndipo inawapweteka ngati yatsopano. Ulendo uno makolo ndi ana anali akuonerera.

Zinachitika kanayi. Ulendo wachitatu mkuluyo sanakalipe, anangolira ataima pakati pa bwalo, timakoni tili m'manja. Ulendo wachinayi anawatukwana a Fryson pamaso pa atsikana. Zitatero a Chrissie anabisa makiyi a galimoto, ndipo Loweruka lililonse ankawauza amuna awo kuti lero ndi Lachisanu.

Anthu omwe aja anakweza manja pa msonkhano anayamba kunena kuti wapampando watsopanoyu ndi wouma mtima, kuti nkhaniyi ikanatha kuyenda mwaulemu. Sananene kuti ikanayenda bwanji. Akuluakulu ena anasiya kuwayankha moni. Makolo a Joanna anachotsa mwana wawo chifukwa kalabu inachedwa kuchitapo kanthu, ndipo mabanja ena asanu anachotsa awo chifukwa cha zimene a Gareth anachitiridwa. Pofika Febuluwale timu ya atsikana inatsala ndi osewera khumi ndi mmodzi, pamene pamafunika khumi ndi asanu, moti masewera atatu otsatizana analephereka. Mwaiwathu anapirira mpaka nyengo itatha, kenako anapeza malo ku yunivesite ya ku Edinburgh n'kulowa timu ya kumeneko. Amaimba foni Lamulungu, koma za kalabu safunsa.

A Matilda anawauza kuti atule pansi udindowo. A Fryson analemba kalata yake, inakhala m'thumba la jekete milungu itatu, kenako anaing'amba. Ankati akachoka iwo, atsikana otsalawo apeza geti yotseka.

M'chilimwe a Gareth anawapititsa ku nyumba ya okalamba kutsidya kwa mtsinje. A Chrissie anatumiza uthenga wachidule wonena maola ochezera odwala, ndipo a Fryson anapita tsiku lina atachoka ku ntchito. Anawapeza atakhala pa windo, ataonda, bulangete lili pa mawondo. Mkuluyo anawalandira mwaulemu monga alandirira mlendo, osawazindikira. Anacheza za nyengo. Kenako anaona chizindikiro cha kalabu pa jekete ya a Fryson, ndipo anachiloza ndi chala.

"Ndinali kochi kumeneko ine. Anandithamangitsa. Panabwera munthu wina, dzina landithawa. Inu mukumudziwa?"

"Ndimamudziwa," anatero a Fryson.

"Ndi munthu wotani?"

A Fryson asanayankhe, a Gareth anali atatembenukira kale ku windo, akufunsa ngati chakudya chayandikira. A Fryson anakhala nawo mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yatha. Atatuluka anakwera basi yopita ku bwalo, poti mizere inali itafufutika ndipo mawa lake kunali masewera a ana aang'ono.