Mjigo Wothyola Mikono

Fikirini wa ku Mdeka ndi amene anathyola mkono wa mkazi wake Sikina ndi mpini wa khasu, ati ndiwo zinachepa mchere. Ndamutchula dzina dala. Akwiye.

Sikina anali akadali mwana, anzake ali ku sekondale. Atafika ku polisi, ankhoswe ataima kumbuyo kwake, apolisi anamufunsa chomwe chachitika.

"Ndagwa pa mjigo," anatero. Wapolisi analemba zomwezo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mkono utapola, mtsikanayu anatuluka m'nyumba muja ndi chitenje chimodzi. Anayamba kugulitsa tomato pamsika wa Lirangwe, masana n'kumathamangira kusukulu. Mayeso a Fomu 4 analephera. Anthu anaseka: "Wathawa banja, sukulu nayo yamuthawa!" Analembanso, n'kukhoza. Lero ndi wapolisi, amalandira amayi omenyedwa.

Ine ndinamudziwa chaka chatha. Bambo a ana anga anamwalira, wondiyankhulira ndilibe. Ndiye mwana wanga Magret atabwera kuchokera kubanja ku Chileka diso litatupa, ndinamukweza kabaza ndekha mpaka ku polisi. Kufika kumeneko mwanayu akuti chiyani? "Ndagwa pa mjigo." Ndinatsala pang'ono kumuwonjezera khofi ine!

Sikina, yemwe anatilandira, anaika cholembera pansi, n'kumuonetsa chipsera cha pamkono.

"Mjigo umenewo ndikuudziwa, achemwali. Unandithyolapo inenso. Tandiuzeni, masiku ano mjigowo ukumamwa kachasu kwa ndani?"

Magret anaseka, kenako analira, kenako anaulula zonse. Mwamuna wake anamangidwa tsiku lomwelo, ndipo mwana wanga sanabwererekonso. Ali pakhomo panga, maso onse awiri akuona.

Ndinamufunsa Sikina ngati ntchito imeneyi siimutopetsa.

"Amayi, magazi ndinawazolowera," anatero. "Chimandiwawa n'choti amene ndamuthandiza lero, mawa akubwera ndi abale kudzatseka mlandu, mwana kumbuyo, chakudya kunyumba kulibe. Ndimukalipire? Ayi. Ndimamuuza kuti akadzafuna abwerenso, koma abwere akuyenda yekha. Anthu amati apolisi timapasula mabanja. Ine ndimalanditsa munthu, banja amapasula ndi womenyayo."

Ndiye mayi mnzanga amene ukubisa mabala m'chitenje, mtima usautaye. Dzuka, ukanene.

Koma inu ankhoswe, inu azakhali amene mumabweza mwana kwa womumenya n'kumati banja n'kupirira: akapirira mpaka kufa, pamaliro ake mudzaimba nyimbo yanji? Musayang'ane pansi. Ndiyankheni!